Kampani ikamapanga yokha makina ndi mapulogalamu ake, phindu limachokera pati?

Kadzidzi

Akuluakulu, tandithandizani kumvetsa nkhani iyi. Apple imapanga kompyuta, imalemba macOS, ndipo kuyambira 2020 purosesa ya mu Mac imajambulanso yokha. Dell, HP ndi Lenovo amapanga makina okha, Windows amachita kugula ku Microsoft, purosesa ku Intel kapena AMD. Pa makompyuta 10 alionse ogulitsidwa padziko, ya Apple imakhala pafupifupi imodzi. Ngati njira ya Apple ili ndi phindu lalikulu, n'chifukwa chiyani enawa sakuitsatira? Ngati ndi yoopsa, n'chiyani chinakopa Microsoft ndi Google kuti nawonso ayambe kupanga makina awoawo? Zoti Mac ndi yabwino kapena ndi yodula ndazimva kale. Ndikufuna kudziwa kumene ndalama imatulukira, kumene imalowera, ndi pamene zinthu zimasokonekera.

Mlonda

A Kadzidzi, yambani ndi kugawa ndalama zomwe kampani imawononga m'magulu awiri. Pali zolipira pa makina alionse: sikirini, batire, RAM, chikwama cha aluminiyamu, kulumikiza ndi kutumiza. Izi zimakwera makina akamachuluka. Palinso zolipira kamodzi, kaya mugulitse makina 1,000 kaya 100 miliyoni: kulemba OS (pulogalamu yaikulu yoyendetsa kompyuta, monga macOS kapena Windows), kujambula chip, kulemba ma driver (timapulogalamu tothandiza OS kuyendetsa chipangizo chilichonse), kukonza zida za anthu olemba mapulogalamu. Nkhani yonse yagona pa gulu lachiwirili.

Tingoyerekeza kuti kujambula chip yatsopano kwadya madola 500 miliyoni. Mukagulitsa makina 5 miliyoni, makina alionse asenza madola 100 chip yeniyeniyo isanapangidwe n'komwe. Mukagulitsa 200 miliyoni, alionse asenza madola 2.50. Kampani yopanga malaputopu a Windows sifuna kusenza katundu ameneyu yokha, choncho imagula chip ku Intel, yomwe yagawa kale mtengo wojambulawo kwa makampani onse. Ndi mmenenso zilili ndi Windows. Kuipa kwake n'kwakuti mnzanu wopikisana naye akugula chip yomweyo ndi Windows yomweyo, ndiye laputopu yanu ikusiyana ndi yake pa chikwama, kiyibodi ndi mtengo basi. Wogula akaona kuti zamkati n'zofanana amasankha yotchipa. N'chifukwa chake phindu la malonda a PC m'makampani otere, akachotsa zonse zoyendetsera ntchito, nthawi zambiri silifika 10 peresenti, pamene gawo lonona limapita ku Microsoft ndi kwa opanga ma chip.

Apple yokha ya Mac sikanakwanitsa kulipira purosesa yakeyake. Imagulitsa ma Mac osapitirira kwenikweni 20 mpaka 30 miliyoni pachaka. Amene amalipira ndi iPhone, yomwe imatuluka kuposa 200 miliyoni pachaka. Ma core (zigawo zowerengera za mu purosesa) a mu M1, purosesa yoyamba ya Mac yojambulidwa ndi Apple, ndi mtundu womwewo wa mu chip ya A14 ya iPhone 12. Gulu lojambula ma chip linayamba kukula Apple itagula kampani ya P.A. Semi mu 2008 pa madola 278 miliyoni, chip yoyamba, A4, inatuluka mu 2010 mu iPad ndi iPhone 4, ndipo panapita zaka 10 kuti lusolo lifike pa Mac. Kampani yopanda foni yogulitsidwa chonchi ilibe pogawira mtengowo.

Kumbali yolowa, onani lipoti la Apple la chaka cha ndalama cha 2023. Zonse zolowa zinali madola 383 biliyoni. Mac inabweretsa pafupifupi 29 biliyoni, gawo la Services 85 biliyoni. Phindu lotsala akachotsa mtengo wopangira linali pafupifupi 36 peresenti pa zipangizo, koma pafupifupi 71 peresenti pa Services. Mu Services muli iCloud, AppleCare, gawo lomwe App Store imadula (30 peresenti, kapena 15 kwa olemba mapulogalamu ang'onoang'ono kuyambira 2021), komanso ndalama zomwe Google imalipira kuti ikhale chofufuzira choyamba mu Safari, zomwe zikalata za khoti ku United States zinaonetsa kuti zinali madola 20 biliyoni mu 2022. Dell ikagulitsa laputopu kwa munthu wamba, kudya kwake kwatha tsiku lomwelo kupatula waranti yowonjezera. Mwini OS amapitiriza kudya pa makina omwewo zaka zonse zomwe akugwira ntchito. Kuyambira 2013, pa OS X Mavericks, Apple inasiya kugulitsa OS. Sikuti inagwidwa chifundo, mtengo wake uli kale mu makina.

Nyenyezi

A Mlonda afotokoza za ndalama, ine ndiwonjezere za pamsoko, pamene zipangizo zimakumana ndi mapulogalamu, chifukwa mavuto ambiri a kompyuta amabadwira pamenepo.

Windows imayenera kuyenda pa mitundu yosawerengeka ya ma motherboard, makadi a Wi-Fi, ma GPU (ma chip a zithunzi) ndi ma firmware (mapulogalamu okhazikika mu chipangizo momwe). Driver ya Wi-Fi walemba ndi wina, ya GPU wina, firmware wina, OS wina. Laputopu ikatsekedwa n'kulephera kugona, n'kutentha m'chikwama mpaka batire kutha, kawirikawiri pali chipangizo chimodzi chomwe driver yake yakana kulowa mu mphamvu yochepa, ndipo purosesa yonse singagone chifukwa cha icho. Kuti vutolo likonzedwe pafunika makampani atatu kapena anayi agwirizane kuti wolakwa ndani. macOS iliyonse imathandiza mitundu ya Mac yowerengeka, yoti yonse ingakwane m'chipinda chimodzi choyesera, ndipo olemba driver ndi ojambula chip amayankha kwa bwana mmodzi.

Kusamuka kuchoka ku Intel ndi chitsanzo chabwino cha zomwe umwini wa mbali zonse umagula. Ndondomeko inali iyi. Mu June 2020 analengeza, n'kubwereketsa olemba mapulogalamu Mac mini yapadera ya chip ya A12Z ndi RAM ya 16 GB pa madola 500. Xcode, chida cha Apple cholembera mapulogalamu, inayamba kutulutsa fayilo imodzi yokhala ndi code ya Intel ndi ya Arm (mtundu wa ma chip a Apple) pamodzi. Mapulogalamu akale anawakonzera Rosetta 2, yomwe imamasulira code ya Intel pasadakhale, pulogalamu ikamaikidwa kapena ikatsegulidwa koyamba, osati mzere ndi mzere ikuyenda. Chofunika kwambiri n'chobisika: ma chip a Intel ali ndi malamulo okhwima a ndondomeko yolembera ndi kuwerenga mu memory, a Arm ndi omasuka. Kutsanzira malamulo a Intel kudzera mu pulogalamu kumachedwetsa kwambiri. Apple inangoika malamulowo mu chip momwe, ngati switch yomwe OS imayatsa pulogalamu yomasuliridwa ikamayenda. Wolemba OS amene amagula chip kwa ena amachita kupempha zoterezi n'kudikira zaka. M1 inatuluka mu November 2020, ma transistor 16 biliyoni, ma core 4 amphamvu ndi 4 osunga batire, ndipo MacBook Air yake inalibe fani. Aka kanali kachitatu kusintha mtundu wa purosesa: Motorola 68000 kupita ku PowerPC mu 1994, PowerPC kupita ku Intel mu 2006, kenako apa.

Chitsanzo china ndi cha pa 19 July 2024, pamene update yolakwika ya pulogalamu yachitetezo ya CrowdStrike inagwetsa makina a Windows pafupifupi 8.5 miliyoni. Pulogalamuyo imayenda mkati mwa kernel, womwe ndi mtima wa OS, ndipo chinthu chikalakwika mmenemo makina onse amagwa. Apple inali itayamba kale, kuchokera pa macOS Catalina mu 2019, kutulutsa mapulogalamu a makampani ena mu kernel n'kuwapatsa njira yogwirira ntchito kunja kwake. Inangolamula, okwiya anakwiya. Microsoft singachite mophweka chonchi chifukwa ili ndi makampani masauzande odalira khomo limenelo, kuwonjezera pa mabungwe oona za mpikisano omwe amaiyang'anitsitsa.

Musaganize kuti Apple imapanga zonse yokha. Ilibe fakitale ya ma chip, amaipangira ndi TSMC ku Taiwan. Kulumikiza makina amachita ndi makampani ngati Quanta ndi Foxconn. Malamulo oyambira a purosesa ndi a Arm, pa laisensi. Imagwira zojambula ndi mapulogalamu, ntchito yofuna mafakitale odula n'kupatsa ena. Ngakhale m'zojambulamo si zonse zimayenda msanga: inagula gawo la ma modem la Intel mu 2019 pa madola 1 biliyoni, koma modem yake yoyamba, C1, inaoneka mu 2025.

Kadzidzi

Zikomo nonse awiri. Koma ngati phindu lalikulu lili pa mapulogalamu, si bwino kungogulitsa laisensi ya macOS kwa Lenovo ndi anzake kuti ifike kwa anthu ambiri?

Chiputu

Anayesapo, a Kadzidzi, ndipo zinatsala pang'ono kuwamiza. Kuyambira 1995 Apple inalola makampani ngati Power Computing, UMAX ndi Motorola kupanga makompyuta oyendera Mac OS, pa malipiro a pafupifupi madola 50 pa makina alionse poyamba. Ankayembekeza kuti makinawo akakopa anthu a Windows. M'malo mwake anakopa makasitomala a Apple omwe, makamaka ogula makina amphamvu a phindu lalikulu, chifukwa otsanzirawo anali otchipa ndipo nthawi zina othamanga kuposa. Werengani nokha: mwataya phindu la madola mazana angapo pa Mac imodzi kuti mulandire 50. Kuti mubweze, msika uyenera kukula kangapo, ndipo sunakule. M'chaka cha ndalama cha 1997 kampaniyo inaluza pafupifupi madola 1 biliyoni. Steve Jobs atabwerera anatseka khomolo. Malaisensi ambiri ankanena za System 7, OS yotsatira inatchedwa Mac OS 8 kotero sinalowe m'malaisensiwo, ndipo laisensi ya Power Computing anaigula pa madola 100 miliyoni. Microsoft imakhala ndi moyo pa madola ochepa pa makina chifukwa makinawo ndi mazana a mamiliyoni pachaka ndipo inalibe malonda a makina oti iwateteze. Njira ziwirizi sizisakanizika bwino m'nyumba imodzi.

Funso lanu loyamba, loti bwanji ena satsatira, yankho lake ndi loti kale onse ankatero. IBM inkapereka makina, mapulogalamu ndi chithandizo pa mtengo umodzi mpaka 1969, chaka chomwe boma la United States linaisumira pa nkhani ya mpikisano, pamene inayamba kulipiritsa mapulogalamu padera. Commodore, Atari, Sun, Silicon Graphics, DEC, onsewa anali ndi makina awo ndi OS yawo. Chinasintha zinthu ndi IBM PC ya August 1981. Pothamangira msika, IBM inatenga Intel 8088 ndi DOS ya Microsoft, n'kusiyira Microsoft ufulu wogulitsa DOS kwa ena. Chinthu chokha chomwe inatsala nacho chinali BIOS, kapulogalamu ka mu bodi koyatsira makina. Compaq inalemba BIOS yofanana nayo popanda kukopera code, makina ake anatuluka mu 1983, kenako Phoenix inayamba kugulitsa BIOS yotere kwa aliyense mu 1984. IBM inayesa kubweza ulamuliro mu 1987 ndi makompyuta a PS/2, njira yake yolumikizira makadi ya Micro Channel ndi OS yatsopano ya OS/2, koma opanga ena anagwirizana n'kupanga njira yawo ya EISA mu 1988. Mu 2005 IBM inagulitsa malonda a PC ku Lenovo.

Sun inapirira nthawi yaitali ndi purosesa yake ya SPARC ndi OS yake ya Solaris, koma ma seva a x86 (mtundu wa purosesa za Intel ndi AMD) oyendera Linux atafika pokwanira ntchito yomweyo pa mtengo wotsika, kuchuluka kwa makina a Sun sikunathenso kulipira ojambula chip ake. Oracle inaigula mu 2010 pa madola 7.4 biliyoni. Apa pali lamulo lomwe a Mlonda analikhudza: kuphatikiza kumapambana pamene zida zogula pamsika sizikukwaniritsa chomwe wogula akufuna, monga batire lokhalitsa mu makina opyapyala. Zida za pamsika zikangofika pokwanira, wophatikiza amatsala ndi katundu wolemera popanda chomusiyanitsa.

Ena anayesa kugula njirayi ndi ndalama. HP inagula Palm mu 2010 pa madola 1.2 biliyoni kuti ikhale ndi OS ya Palm ya webOS, tabuleti yake ya TouchPad inatuluka mu July 2011 n'kuthetsedwa patatha masiku 49. Google inagula Motorola Mobility mu 2012 pa madola 12.5 biliyoni, n'kuigulitsa ku Lenovo mu 2014 pa 2.91 biliyoni, itasunga ma patent ambiri. Microsoft inatenga gawo la mafoni la Nokia mu 2014, chaka chotsatira n'kufafaniza madola 7.6 biliyoni m'mabuku. Surface RT, tabuleti ya Microsoft ya 2012, inali ndi chip ya Arm, inkaoneka ngati Windows koma sinkayendetsa mapulogalamu akale a Windows, ndipo mu July 2013 Microsoft inalemba kuluza madola 900 miliyoni pa makina ongokhala m'nkhokwe. TouchPad, mafoni a Windows ndi Surface RT anagwa pa mwala umodzi: mwendo wachitatu, womwe ndi olemba mapulogalamu akunja. Iwo salembera OS yopanda ogula, ogula sagula makina opanda mapulogalamu, ndipo msampha umenewu sutseguka ndi chikwama chokongola.

Kamba

Ndikugwirizana ndi manambala, koma a Nyenyezi aonetsa mbali yowala yokha. Walira mvula walira matope. Umwini womwe umalola kukonza vuto msanga ndi womwenso umachititsa kuti cholakwika chimodzi chigwere makasitomala onse popanda kothawira.

Kiyibodi ya butterfly inayamba pa MacBook ya 2015 n'kufalikira ku malaputopu onse a Apple. Kafumbi kakang'ono kakalowa pansi pa batani, batanilo limasiya kulemba kapena kulemba kawiri. Kiyibodiyo inali yokhomeredwa ku chikwama chapamwamba, chomwe chinamatidwa ndi batire, choncho kukonza batani limodzi kunkatanthauza kusintha chigawo chonsecho. Pulogalamu yokonza kwaulere inayamba mu 2018, mtunduwo unathetsedwa pakati pa 2019 ndi 2020, ndipo mu 2022 kampaniyo inavomera kulipira madola 50 miliyoni pa mlandu wa gulu ku United States. Kwa zaka zingapo munthu wofuna laputopu ya macOS ya kapangidwe katsopano analibe kiyibodi ina yosankha. Ku Windows, kampani imodzi ikalakwitsa mumangogula ya ina, mapulogalamu anu osasintha.

RAM nayo. Pa Apple silicon (ma chip a Apple ngati M1) memory ili pa phukusi limodzi ndi chip, CPU ndi GPU zimagawana, ndipo liwiro lake n'lenileni. Koma simungawonjezere pambuyo, ndiye muyenera kulosera zosowa za zaka 5 kapena 6 pa tsiku logula, ndipo wogulitsa ndi mmodzi. Kuchoka pa 8 GB kupita pa 16 GB kunali madola 200, kangapo kuposa mtengo wa RAM yofanana kukula pamsika. 16 GB inakhala poyambira pa ma Mac onse kumapeto kwa 2024. Mtengo wolembedwa pa makina oyambira ndi nyambo, phindu lokoma lili pa masitepe okwera. SSD m'malaputopu ndi yowotcherera pa bodi ndipo ndi yotsekedwa ndi kiyi ya mu chip, kutanthauza kuti bodi ikafa simungazule SSD n'kukaiwerengera kwina. Wopanda backup wataya zonse.

Palinso zomwe mwini amadula chifukwa sizikumukomera. Catalina inasiya mapulogalamu akale a 32-bit. Makadi atsopano a Nvidia anasiya kuthandizidwa kuyambira macOS Mojave mu 2018. Boot Camp, yoikira Windows pa Mac, kulibe pa Apple silicon. Mac Pro ya 2019 inkalandira RAM mpaka 1.5 TB ndi makadi a GPU, ya 2023 imathera pa 192 GB ndipo silandira GPU ya kampani ina. MacBook Air ya M1 imatulutsa sikirini imodzi yokha yakunja. macOS 26 ndi yomaliza pa ma Mac a Intel. Wogulira ofesi alembe mndandanda wa mapulogalamu onse ndi zipangizo zonse zolumikiza, ayese chilichonse pa makina amodzi asanagule ambiri, afunse zaka zomwe OS idzalandire ma update, kenako awerengere mtengo wotulukamo: malaisensi ogulanso, mafayilo osamutsa ndi anthu ophunzitsanso. Mtengo wotulukawo suli pa risiti, koma kampani imauwerengera poika mitengo.

Maboma akuona zomwezi. Lamulo la European Union la Digital Markets Act linakakamiza Apple kulola masitolo ena a mapulogalamu pa iPhone m'maiko amenewo kuyambira 2024. Pa Mac khomolo silinatsekedwepo, mungathe kuika pulogalamu yochokera kunja kwa App Store.

Nyenyezi

A Kamba, pa SSD ndi mtengo wa RAM sinditsutsa. Koma kudula zakale sikuli kwa Apple yokha. Windows 11 imafuna gawo lachitetezo la TPM 2.0 ndi purosesa ya Intel ya m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo kapena yofanana nayo ya AMD, ndipo chithandizo cha Windows 10 chinatha pa 14 October 2025, n'kusiya makina ambiri abwinobwino kunja.

Mlonda

Mfundo ya a Nyenyezi ikuyankha gawo lotsala la funso la a Kadzidzi, loti Microsoft ndi Google akufunanji m'makina. Surface sinapangidwe kuti ipose Lenovo pa kuchuluka. Ikanatero ikanakwiyitsa makampani omwe amalipira malaisensi a Windows, ndipo mu 2012 mkulu wa Acer anadandaula poyera. Ntchito yake ndi kuonetsa opanga ena mmene makina a Windows ayenera kukhalira, pa mitengo yapamwamba yosawapha. Chida chenicheni cha Microsoft ndi zofunika zomwe imalamula. Kuti laputopu itchedwe Copilot+ PC, kuyambira 2024, iyenera kukhala ndi NPU (gawo la chip logwira ntchito za AI) ya liwiro la 40 TOPS, RAM ya 16 GB ndi malo osungira a 256 GB. Uku n'kujambula makina a anthu ena popanda kusenza ngozi ya katundu wosagulika.

Google inapita patsogolo pa Chromebook. Makina amapanga ndi Acer, ASUS, HP kapena Lenovo, koma mapulani a bodi ndi firmware amadutsa mwa Google, muli chip yachitetezo yojambulidwa ndi Google, ndipo ma update amachokera ku Google mwachindunji, kwa zaka 10 pa mitundu yoyambira 2021. Wopanga amatsala ndi sikirini, chikwama, batire ndi phindu lochepa lija.

Ndipo musangoyang'ana malaputopu. Nvidia ikuchita zomwezi pa makina a AI. CUDA, chida chake cholembera mapulogalamu oyenda pa GPU, inatuluka cha mu 2007, imapezeka kwaulere, koma imayenda pa ma GPU a Nvidia okha. Zaka zambiri za ma library ndi code ya ofufuza zinamangidwa pamenepo, choncho wopikisana naye angatulutse chip yamphamvu mofanana koma kasitomala amawerengera miyezi yosamutsa ndi kuyesanso code yake. Valve nayo, mwini wa sitolo ya magemu ya Steam, pa kamakina kake ka m'manja kosewerera magemu ka Steam Deck ka 2022 inaphatikiza chip ya AMD yokonzedwa mwapadera, SteamOS yochokera ku Linux ndi Proton yoyendetsa magemu a Windows, n'kugulitsa makinawo kuyambira madola 399, podziwa kuti imadula gawo lake pa gemu iliyonse yogulidwa pa Steam. Kusiyana kwake ndi Apple n'kwakuti Deck siyokhoma: mungaikemo Windows, SSD yake ndi ya M.2 2230 yosinthika, ndipo zida zokonzera zimagulitsidwa poyera kudzera ku iFixit.